Tiuzeni m'chinenero chathu zimene Pulezidenti amachita akafika kuntchito

Akonzi,

Zikomo pondipatsa kampata m'nyuzipepala yanu. Ine ndine mayi wokhala ku Bauleni, kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Ndimagulitsa mbande za maluwa ndi kuluka nkhata za pamaliro m'mphepete mwa msewu wa Leopards Hill. Kalatayi ndalemba ndekha m'kope usiku, mdzukulu wanga ndiye waitaipa pafoni kuti ikupezeni.

M'mawa ndikamathirira mbande, nthawi zambiri pamatulukira wapolisi wa panjinga yamoto, dzanja lili m'mwamba. Maminibasi onse amapatukira kumbali, ogulitsa zinthu amaimirira, kenako mdipiti wa galimoto umadutsa ulendo wa m'tauni. Chilowereni pampando pa 24 Ogasiti 2021, a Pulezidenti Hakainde Hichilema sanasamukire ku State House, amagona kunyumba kwawo ku New Kasama, choncho ife a mumsewu uno timawaona akupita kuntchito. Mdipiti ukangodutsa, nkhani imayamba. Mnyamata amene amaumba miphika ya simenti pafupi nane amati, "Apita kukadula riboni." Kondakitala wina amakuwa ali pakhomo la basi kuti, "Ayi, akukakwera ndege." Amayi a vitumbuwa amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Apite kulikonse, bola unga utsike." Tonsefe timalankhula mwamphamvu, koma pakati pathu palibe ndi mmodzi yemwe amene amadziwa kumene apita, chimene akachite, ndi mmene chinthucho chidzatikhudzire.

Ndicho chifukwa chake ndakulemberani. Mumatiika zithunzi zabwino: a Pulezidenti akugwirana chanza ndi mlendo, akuyendera asilikali, akulumbiritsa munthu atagwira Baibulo. M'munsi mwake mumalemba mizere iwiri, dzina la mlendo ndi tsiku, basi. Munthu ngati ine ndikaona chithunzicho ndimangodziwa kuti ofesi inatsegulidwa tsiku limenelo. Pempho langa n'loti muzitifotokozera ntchitoyo, m'chinenero chimene timalankhula pamsika ndi m'basi.

Ndiyambe ndi nkhani ya m'banja mwathu, chifukwa ndi imene inanditsegula maso. Mwana wa akulu anga, amene kwa ife Achewa ndi mwana wanga yemwe, anapalamula mlandu ali mnyamata. Sindibisa, analakwadi, ndipo anamangidwa. Zaka zinapita, amayi ake akumuyendera ndi kankhuku kootcha ndi sopo akapeza ya basi. Chaka china, pa 25 Meyi, tsiku lokumbukira ufulu wa Africa, tinamva pawayilesi kuti mtsogoleri wa dziko wakhululukira akaidi. Sitinaikepo mtima, poti zimenezi zimanenedwa kawirikawiri. Patapita masiku awiri, chakumadzulo, munthu anagogoda pakhomo la akulu anga. Anali iyeyo, ataonda, ali ndi kapulasitiki ka zovala m'manja. Amayi ake anali akupeta mpunga. Lichero linagwa, iwonso anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira, osatha kutchula ngakhale dzina lake. Lero lino mashelefu amene ndimaikapo maluwa anakhoma ndi iyeyo, ukalipentala anaphunzirira kundende.

Pa 25 Meyi paja pa TV anaonetsa mtsogoleri akuika nkhata pa Freedom Statue ndi kuveka anthu mamendulo ku State House. Pepala limene linatulutsa mwana wathu sitinalione. Pambuyo pake mpamene mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti malamulo aakulu a dziko amapatsa Pulezidenti mphamvu yokhululukira kapena kuchepetsa chilango, ndipo kuti pali komiti imene imayamba yaunika mayina ndi kumulangiza. Ndinadzifunsa kuti, kodi ndi zinthu zingati zotere zimene zimachitika patebulo, cholembera chili m'manja, ife tikungoyang'ana galimoto?

Chitsanzo china ndi cha Disembala 2022. A Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa, ndiponso lochotsa mlandu uja wonyoza Pulezidenti, umene unamangitsa anthu ambiri zaka zam'mbuyo. Imeneyi ndi nkhani yaikulu, ya moyo ndi imfa, koma miyezi ingapo pambuyo pake ndinamvabe bambo wina m'basi ya ku Bauleni akutseka mnzake pakamwa kuti, "Chete iwe, akumanga." Sanadziwe kuti lamulolo linachoka. Ndi angati mwa ife amene amadziwa kuti aphungu akavomereza bilu ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, imapita kaye kwa Pulezidenti isanakhale lamulo, ndipo kuti ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze kwa aphungu ndi zifukwa zake? Masiku 21 amenewo ndi nthawi imene anthu, mipingo ndi mabungwe angalankhule. Mukadamatiuza kuti bilu yakutiyakuti ili patebulo la mtsogoleri, ikunena zakuti, tikadamadziwa nthawi yotsegula pakamwa. Mmalo mwake timamva zinthu zitatha kale.

Za sukulu yaulere sindichita kuuzidwa. Kuyambira Januwale 2022 ndinasiya kuthamanga ndi fizi ya adzukulu anga awiri, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ndalama imene ndinkasunga m'kachitini kuti ikhale ya fizi ndinagulira payipi yothirira. Koma mdzukulu wamng'ono amabwera yunifolomu ili mbuu, chifukwa m'kalasi mwawo ana anachuluka ndipo ochedwa amakhala pansi. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo ndikufuna nyuzipepala imene inganene zonse ziwiri. Mtsogoleri akalengeza chinthu, lembani. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, tumizani mtolankhani akaone ngati madesiki anafika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Riboni ikadulidwa pachipatala chatsopano, ife timafuna kudziwa ngati chaka chotsatira muli namwino ndi mankhwala, chifukwa ndinaonapo ndi maso anga nyumba ina imene inatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, koma mpongozi wanga atapita kumeneko ndi mwana wodwala anapatsidwa kapepala koti akagule yekha mankhwala.

Tsopano za maulendo akunja, nkhani imene imautsa mkangano kwambiri pano pamsewu. Inenso ndinali mmodzi wa odandaula. Ndinkati munthu wangolowa kumene, bwanji sakhala pansi? Mwana wanga wamwamuna, amene amayendetsa thiraki, ndiye anandikhazika pansi. Anati, "Amama, mukudziwa kuti mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kulipira ngongole yake?" Anandifotokozera kuti dziko likafika pamenepo, amene anakukongoza onse ayenera kukhala pamodzi ndi kugwirizana, ndipo wamkulu mwa iwo anali China. Mu Juni 2023, ku Paris, kumene a Pulezidenti anapita, mpamene kunalengezedwa kuti mayiko otikongoza avomera kusintha kabwezedwe ka ngongole yokwana madola 6.3 biliyoni. Pamenepo ndinamva, chifukwa ngongole ndimaidziwa. Ndinatengapo kaloba chaka chimene bambo a kunyumba anamwalira. Tsiku lobweza litakwana ndilibe kanthu, sindinatume mwana. Ndinavala chitenje changa chabwino, n'kupita ndekha kukagwada pakhomo la mwini ndalama. Nkhani zina zimafuna mwini wake.

Komabe sindikunena kuti ulendo uliwonse uli ngati umenewo. Ndege, mahotela ndi anthu operekeza zimalipiridwa ndi msonkho wathu, ndipo ine ndimaulipira nthawi iliyonse ndikagula mafuta ophikira ngakhale thokitaimu. Munthu akatumidwa ndi mudzi, akabwerako amasonkhanitsa anthu pabwalo n'kunena kuti, ndinapita, ndinapeza zakuti, izi zatheka, izi zakanika. Inu atolankhani ndiye bwalo lathu. Ulendo ukatha tiuzeni: anapita kukatani, anapita ndi anthu angati, anabwera ndi chiyani, ndipo chimene anasainacho chidzayamba liti kugwira ntchito. Mu Disembala 2023 a Pulezidenti anasaina lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha nkhani za boma. Ligwiritseni ntchito m'malo mwathu, ife amene sitidziwa khomo logogoda.

Za akazembe obwera ndi makalata awo ku State House, kapena kulumbiritsa nduna, oweruza milandu ndi alembi aakulu a maunduna, sindichulutsa mawu. Ndingopempha kuti mukaika chithunzi cha munthu akulumbira, mutiuze kuti ntchito yake ndi yotani ndipo anachokera kuti. Mwina ndi iyeyo amene adzayang'anire feteleza wa abale anga ku Katete.

Pali mbali ina imene anzanga amainyoza koma ine ndimaiikira kumbuyo, ndiyo miyambo, maliro ndi nkhata. Mwina n'chifukwa cha ntchito yanga. Nkhata ndimayamba ndi waya, ndimaupinda kukhala mkombero, ndimakulungapo masamba a mkungudza mothina kuti waya asaoneke, kenako ndimabaya maluwa limodzilimodzi, oyera kunja, ofiira mkati. Zala zimatupa, makamaka mwezi wa Juni kukazizira. Amene amabwera kudzagula amakhala maso ali ofiira, ena satha n'kufunsa mtengo. Ndaona kwa zaka zambiri kuti munthu akagwira nkhata m'manja amasintha mayendedwe, amayenda pang'onopang'ono, mapewa amagwa. Nkhata sidyedwa, mawa lake imafota, koma palibe banja limene limafuna kuika m'bale wawo popanda iyo.

Choncho ndikaona mtsogoleri wa dziko akuyenda pang'onopang'ono kukaika nkhata pa Freedom Statue, pa 24 Okutobala kapena pa 25 Meyi, patsogolo pa chifanizo cha munthu wodula maunyolo chija, sindinena kuti akutaya nthawi. Akuyenda m'malo mwa ife tonse amene sitingafike pamenepo. Kwathu mfumu imene sifika pamaliro anthu amaiwerengera, ngakhale itakhala yogawa bwino minda. Pamene a Rupiah Banda anamwalira mu Malichi 2022, ife a kum'mawa tinalira ngati tataya kholo la pakhomo. Anali a chipani china, koma boma linawaika mwaulemu wonse ku Embassy Park, kumene kulinso a Kenneth Kaunda, a Frederick Chiluba, a Levy Mwanawasa ndi a Michael Sata. Kuona mtsogoleri amene ali pampando ataweramitsa mutu pamanda a amene anakhalapo kale kumaphunzitsa ana athu kuti mpandowo ndi wa dziko, munthu amangoukhalira kanthawi.

N'chimodzimodzi ku Kulamba. Kumapeto kwa Ogasiti, ndikapeza ya basi, ndimatseka malo anga n'kupita ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu amabwera ndi mphatso ndi malipoti a madera awo, Gule Wamkulu amatuluka, fumbi limachita kobo. Mtsogoleri wa dziko akabwera kapena akatumiza nthumwi, mafumu amapeza mpata wonena pamaso pa anthu za misewu, milatho, feteleza ndi ukwati wa ana aang'ono. Mawu amenewo amanenedwa poyera, aliyense akumva. Chimene chimandipweteka n'choti nyuzipepala zimabwerako ndi zithunzi za gule zokha. Zimene mafumu anapempha ndi zimene boma linayankha sizilembedwa mokwanira, ndipo chaka chamawa palibe amene amakumbutsa.

Chaka cha 2024 ndicho chinandionetsa bwino kuti mawu a mtsogoleri ndi ntchitonso. Chinayamba ndi kolera. Bwalo la masewera la Heroes, lomwe a Hichilema analumbirirapo, linasanduka chipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu Januwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Nkhata ndinaluka zambiri mwezi umenewo, koma sindinakondwere ndi ndalama yake ngakhale pang'ono. Ena anabwera kudzagula nkhata pambuyo poti m'bale wawo waikidwa kale mofulumira, kuti angokaika pamtumbira. Kolera isanathe n'komwe, mvula inadula. Pa 29 Febuluwale a Pulezidenti analengeza kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, nanena kuti maboma 84 mwa 116 akhudzidwa, ndipo chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chapserera. Mchimwene wanga kumudzi anali atandiuza kale pafoni kuti munda wonse wasanduka udzu wouma. Kenako madzi anachepa ku Kariba, magetsi anayamba kuzima tsiku lonse, mapampu a madzi anaima, makala anakwera mtengo. Mbande zanga za maluwa a rozi zinauma theka, chifukwa madzi ochepa amene ndinkapeza ndinkayamba ndasungira ana akumwa.

Kulengeza kuja anthu ena anati ndi mawu chabe, poti chilala tinali tikuchiona kale. Koma ndinamva pambuyo pake kuti mtsogoleri akalengeza motero, mpamene boma limatha kusintha bajeti ndi kupempha thandizo kunja mwadongosolo. Vuto linali lakuti uthengawo unanenedwa m'Chingelezi, ndipo ife ambiri tinaumva kudzera kwa anzathu, aliyense akuwonjezera zake. Wina anati chimanga chaulere chibwera kwa aliyense, wina anati ndi cha akumudzi okha, wina anati uyenera kukhala ndi khadi la chipani. Anthu anjala akamva mphekesera zotere amakhumudwa kawiri. Tsamba limodzi lofotokoza bwino m'chinenero chathu kuti thandizo ndi la yani, likuperekedwa kuti, ndipo wolembetsa ndani, likadapulumutsa amayi ambiri ku maulendo opanda pake.

Ndikudziwa kuti Chingelezi ndicho chinenero cha boma, ndipo sindikulimbana nazo. M'dziko la zinenero zambiri ngati lathu mtsogoleri sangalankhule zonse. Koma chaka chilichonse amapita ku Nyumba ya Malamulo kukalankhula, mu Seputembala potsegulira msonkhano wa aphungu, ndiponso nthawi ina kukanena za makhalidwe ndi mfundo zimene dziko limayendera. Amalankhula nthawi yaitali, aphungu akuwomba matebulo. Mmenemo ndi mmene muli malonjezo a chaka chonse: misewu, migodi, ulimi, ntchito za achinyamata. Ine ndimamva Chingelezi cha pamsika, chokwanira kugulitsa maluwa kwa azungu a ku Kabulonga, koma cha m'Nyumba ya Malamulo chimandidutsa pamwamba. Mukadatenga malonjezo khumi okha, n'kuwalemba m'Chinyanja chomveka, ine ndikadadula tsambalo n'kulisunga m'Baibulo. Chaka chotsatira ndikadalitulutsa n'kumachonga ndekha. Chisankho chimabwera pakatha zaka zisanu, Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, ndipo ndikufuna ndizikaponya voti ndili ndi pepala langa m'mutu, osati nyimbo ya kampeni kapena chitenje chimene ndapatsidwa dzulo.

Chinanso chimene kufotokoza kwanu kungatithandize n'kudziwa kuti ntchito iyi ndi ya yani. Pano ngalande ikatsekeka, anthu amati Pulezidenti. Zinyalala zikaunjikana pamsika, Pulezidenti. Mutu ukakula sulewa nkhonya, n'zoona, ndipo amene anapempha mavoti athu ayenera kumva madandaulo athu. Koma pali khansala, pali meya, pali phungu, pali nduna. Ndalama za CDF, zotukulira madera a aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Ndalama zimenezo zili pafupi nafe, zimakambidwa m'makomiti a m'madera mwathu momwe muno. Tikamangoloza mdipiti wa galimoto, amene ali ndi udindo pafupi nafe amapuma bwino, palibe wowafunsa. Amayi anzanga a m'gulu lathu la chilimba anafuna kupempha thandizo la bizinesi, koma anatha miyezi osadziwa kuti fomu imatengedwa kuti, mpaka mtsikana wina wophunzira anawalondolera.

Sindikupempha kuti muzitamanda mtsogoleri, ndiponso sindikupempha kuti muzimunyoza. Pamsewu pano pali a zipani zonse, ndipo timabwerekana chenji tsiku lililonse. Ndaona atsogoleri asanu ndi awiri chiyambire ufulu, ndinali kamtsikana nthawi ya a Kaunda pamene tinkaimikidwa m'mbali mwa msewu ndi timbendera m'manja. Nthawi imeneyo tinkangouzidwa kuti tiwombe m'manja. Lero tili ndi ufulu wofunsa, koma munthu sungafunse bwino chinthu chimene sunachimve.

Ndiye pempho langa nali, Akonzi. Patulani theka la tsamba sabata iliyonse. Lembanimo zimene mtsogoleri wa dziko wachita sabata imeneyo: malamulo amene wasaina kapena kubweza, anthu amene wasankha ndi ntchito zawo, alendo amene walandira ndi chimene abwerera, kumene wapita ndi chimene wabwera nacho. Pansi pake muziika kabokosi kakang'ono kokumbutsa lonjezo limodzi la chaka chatha ndi pamene lafika. Mukayamba, ine ndidzagula nyuzipepala yanu sabata iliyonse, ndipo ndidzaiwerenga mokweza pano pa benchi ya mwana wathu uja, kuti mnyamata wa miphika ndi amayi a vitumbuwa amve nawo.

Ndine wanu wowerenga,

Mayi wogulitsa maluwa,
Bauleni, Lusaka